Barre ndi Mpando wa Pakhomo: Malangizo kwa Amayi Amene Mtima Wawo Ukusinthasintha Poyandikira Kusiya Kusamba

Amayi ena amayamba kuzindikira kuti thupi likusintha msambo usanasokonekere n'komwe. M'mawa adzuka bwinobwino. Pofika masana mwana wagwetsa kapu, iwo mtima wapsa ngati watentha nyumba. Madzulo misozi ili chuchuchu pa nkhani yaing'ono imene chaka chatha akanangoseka. Madokotala amatcha nthawi imeneyi perimenopause. Kawirikawiri imayamba m'zaka za m'ma 40, imatha zaka pafupifupi 4 koma kwa ena imafika 8 kapena kuposa, ndipo imathera pamene mayi wakhala miyezi 12 yotsatizana osasamba. Amayi ambiri amafika pamenepo ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55.

Chimene chimasokoneza mtima n'chakuti mahomoni satsika mwadongosolo. Estrogen imakwera kwambiri mwezi uno, mwezi wamawa n'kugwa. Progesterone imachepa m'miyezi imene dzira silinatuluke. Estrogen imakhudza mmene ubongo umagwiritsira ntchito serotonin, imene imathandiza kuti maganizo akhazikike, choncho ikamakwera ndi kutsika, maganizo nawonso amatsatira. Ndiye onjezerani kutuluka thukuta usiku kumene kumadula tulo kawiri kapena katatu. Munthu wosagona sachedwa kupsa mtima, kaya ndi wa zaka zingati.

Masewera olimbitsa thupi sawongola mahomoni, ndipo musayembekezere kuti athetsa kutentha thupi kwadzidzidzi. Chimene amachita, ngati mukuwachita mosadumphadumpha masiku, ndi kuchepetsa nkhawa ndi kukhumudwa kumene sikunafike povuta kwambiri, komanso kukonza tulo. Barre, imene ndi masewera olimbitsa thupi otengedwa ku zimene ovina gule wa ballet amachita atagwira mtengo wopingasa, timaikonda pa msinkhu umenewu pa zifukwa zooneka. Ilibe kudumpha, choncho mawondo savutika kwambiri ndipo mkodzo sudontha monga zimachitikira amayi ambiri obereka akamalumpha chingwe. Mayendedwe ake ndi aang'onoang'ono ndipo amafuna kuwerenga, moti maganizo sapeza mpata wobwerezabwereza nkhani imene yakupwetekani. Chachikulu n'chakuti mutha kuichepetsa kapena kuiwonjezera malinga ndi mmene mwadzukira, ndipo pa nthawi imene masiku safanana, chimenechi ndicho chimapangitsa munthu kupitiriza.

Njira imeneyi inayamba ndi Lotte Berk, katswiri wovina wa ku Germany amene anasamukira ku London. Atavulala msana, anaphatikiza zimene ovina ballet amachita atagwira mtengo wopingasa ndi zimene ankaphunzitsidwa pochiritsa msanawo, n'kutsegula malo ake ophunzitsira mu 1959. Wophunzira wake Lydia Bach anaipititsa ku New York mu 1971. Mtengo wopingasawo ndiwo umatchedwa barre, ndipo pakhomo mpando umagwira ntchito yomweyo.

Zofunika kukonza

Pezani mpando wolimba umene choyedzamira chake chikufika m'chiuno mwanu kapena m'munsi pang'ono. Uyedzamiritseni kukhoma kapena ikani chinthu cholemera pokhalira, chifukwa mpando wapulasitiki umatsetsereka mukangoutsamira. M'mphepete mwa tebulo lolemera kapena pakampanda ka khonde paliponso m'pabwino. Muchite opanda nsapato. Masokosi pa simenti yopolisha ndi ngozi. Konzaninso mkeka kapena bulangete lopinda, pilo wamng'ono, mabotolo awiri a madzi a theka la lita (lililonse limalemera theka la kilogalamu), madzi akumwa ozizira ndi kathaulo konyowa. Valani zopepuka za thonje, ndi bra yogwira bwino chifukwa mabere amapweteka m'masiku ena a nthawi imeneyi. Tsegulani mawindo.

Musanayambe, kayezetseni BP. Barre ili ndi mbali zambiri zoima chilili minofu itakungika, ndipo zimenezi zimakweza kuthamanga kwa magazi kwa kanthawi, makamaka ngati mukugwira mpweya. Amene BP yawo ndi yokwera ndipo sinakhazikike ndi mankhwala, amene amamva kupweteka pachifuwa akamakwera chitunda, ndi amene anauzidwa kuti mafupa awo ndi ofooka, ayambe afunsa kuchipatala.

Kaimidwe ndi kapumidwe

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, choncho musathamangirepo. Imani pambali pa mpando, dzanja limodzi lili pa choyedzamira mopepuka, ngati mwangokhudza phewa la mnzanu. Mukaona zala zikuyera chifukwa chofinya mpando, ndiye kuti mkono ukugwira ntchito ya miyendo. Kulemera kwa thupi kugawike pa malo atatu a phazi: pansi pa chala chachikulu, pansi pa chala chaching'ono, ndi pachidendene. Mawondo asakhale okhoma. Khutu, phewa ndi chiuno zikhale mumzere umodzi.

Aphunzitsi ena a barre amauza anthu kuti alowetse matako mkati mwamphamvu mpaka msana wam'munsi uwongoke. Ife sitilangiza zimenezo. Msana wam'munsi uli ndi kupindika kwake kwachibadwa, ndipo kuuwongola mokakamiza kwa mphindi 20 kumasiya chiuno chikupweteka komanso kumalimbitsa minofu ya pansi pa chiuno mopyola muyezo. Ingokokerani mchombo mkati pang'ono, ngati mukumanga chitenje bwinobwino koma mukutha kupuma ndi kulankhula.

Kapumidwe ndiko kamene kamakhudza mtima mwachindunji. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani ndi pakamwa mukuwerenga mpaka 6. Kutulutsa mpweya motalikirapo kumachepetsa kugunda kwa mtima ndipo thupi limamva kuti palibe choopsa. Pa mbali zovuta muziwerenga mokweza mawu. Munthu sangawerenge mokweza atagwira mpweya, ndiye mwachepetsa vuto la BP lija popanda kuliganizira.

Ndondomeko ya mphindi 25

Yambani ndi mphindi 4 zotenthetsa thupi. Gubani pamalo amodzi mukukweza mawondo mpaka pamene mungathe, kwa mphindi ziwiri. Zungulitsani mapewa kumbuyo ka 8. Kwezani manja m'mwamba mukukoka mpweya, atsitseni mukutulutsa, ka 6. Zungulitsani akakolo mbali zonse. Pa msinkhu umenewu molumikizana mafupa mumauma, ndipo amene amadumpha gawo ili ndi amene amadzadandaula za zidendene.

Kenako kukweza zidendene, kumene ovina amati relevé. Yang'anizanani ndi mpando, mapazi atatalikirana ngati m'lifupi mwa chiuno, zala zikuloza kutsogolo. Kwezani zidendene mukuwerenga 2, tsitsani mukuwerenga 2, ka 16. Pa ulendo womaliza khalani m'mwamba, mutsike ndi kukwera pang'ono chabe, ngati masentimita 2 kapena 3, ka 16. Imani chilili masekondi 10, n'kutsika. Yang'anirani akakolo: akamapendekera kunja, kulemera kwathawira ku chala chaching'ono, ndiye kanikizani chala chachikulu pansi. Minofu ya kumbuyo kwa mwendo ikakokana, tsikani, ponyani mwendowo kumbuyo chidendene chili pansi, muuwongole masekondi 20.

Tsopano ntchafu, kumene kuli mtima wa barre. Tembenukani kuti mpando ukhale pambali. Gunditsani zidendene, zala zitalikirane pang'ono kuti mapazi apange V wamng'ono. Musakakamize mapazi kuti atambasuke ngati a ovina a pa TV. Kutembenuka kumachokera m'chiuno, ndipo mukakukakamiza ndi mapazi, bondo ndilo limapotoka. Pindani mawondo mutsike pang'onopang'ono msana uli chilili, ngati mukutsetsereka pakhoma. Uku ndiko kumatchedwa plié. Tsikani gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wopita pansi, osapitirira. Bondo lililonse liloze kumene kukuloza chala chachiwiri cha phazilo. Tsikani ndi kukwera ka 8, kenako khalani pansipo muchite timayendedwe tating'ono tija ka 16, n'kuima chilili masekondi 10 mpaka 15.

Pumulani masekondi 20, mugwedeze miyendo. Kenako tambasulani mapazi kupyola m'lifupi mwa mapewa, zala zikuloza kunja pang'ono, mubwereze zomwezo: ka 8 pang'onopang'ono, ka 16 tating'ono, n'kuima.

Penapake pamenepa ntchafu ziyamba kunjenjemera, ndipo ambiri amachita mantha n'kusiya. Kunjenjemerako ndi kutopa kwa minofu imene yakhala itakungika osapumula, ndipo si koopsa. Kutentha kwa m'kati mwa ntchafu nakonso n'koyembekezereka. Zimene simuyenera kupirira ndi ululu wobaya m'bondo, makamaka pansi pa chivundikiro chake kapena m'kati mwake. Ukabwera, kwerani pang'ono, chepetsani V, muonenso kumene bondo laloza. Nthawi zambiri limakhala lagwera mkati. Ndipo pa masekondi 15 amenewo pamene ntchafu zikutentha inu mukupuma modekha, mukuphunzitsa thupi chinthu chimene chidzakuthandizeni mkwiyo ukadzakwera kukhitchini: kumva chinthu chosasangalatsa chikukwera, kupuma, n'kuchiona chikutsika chokha.

Matako. Yang'anizanani ndi mpando, gwirani ndi manja onse, weramirani kutsogolo pang'ono kuchokera m'chiuno, msana uli wowongoka. Bondo la mwendo umene mwaimira lipindike pang'ono. Ponyani mwendo winawo kumbuyo, uwongoleni, muukweze pafupifupi masentimita 20 kuchoka pansi. Kwezani ndi kutsitsa ka 12, tating'ono ka 16, kenako pindani bondo chidendene chiloze kumatako muchitenso tating'ono ka 12. Sinthani mwendo. Cholakwika chofala ndi kukweza mwendo m'mwamba kwambiri, chifukwa pamenepo msana wam'munsi ndi umene umapindika ndipo thako silikugwira ntchito. Ikani dzanja pathako. Ngati simukumva likulimba, tsitsani mwendo. Mafupa awiri a kutsogolo kwa chiuno aziloza pansi mofanana, osati mbali imodzi kutseguka.

Mikono sifuna nthawi yambiri. Tengani mabotolo aja, kwezani manja m'mbali mpaka pa mapewa ka 10, tizungulire tating'ono ka 16 kutsogolo ndi ka 16 kumbuyo. Weramani pang'ono, zigongono zili m'nthiti, muwongole mikono kumbuyo ka 12. Mapewa akakwera kumakutu, khosi ndilo lidzapweteke mawa. Malizani ndi kukankha khoma: manja pakhoma, mapazi kutali pang'ono, pindani zigongono ndi kuwongola ka 10.

Pamkeka, gonani chagada, mawondo opinda, mapazi pansi. Ikani pilo pakati pa mawondo, muufinye pang'ono. Mukamatulutsa mpweya, kokerani m'mwamba minofu imene mumagwirira mkodzo, n'kukweza chiuno mpaka mawondo, chiuno ndi mapewa zikhale mumzere. Tsikani mukukoka mpweya ndipo minofu ija muimasule kotheratu, pakuti kumasula n'kofunika mofanana ndi kukoka. Chitani ka 12. Kenako chotsani pilo, kwezani mawondo onse pamwamba pa chiuno, mutsitse phazi limodzi likhudze pansi, libwerere, kenako linalo, ka 8 mbali iliyonse. Msana ukayamba kunyamuka pamkeka kapena mimba ikatupa pakati ngati chulu, siyani phazi limodzi pansi muzichita ndi limodzi. Kudzutsa mutu ndi mapewa mobwerezabwereza kuti mulimbitse mimba sitikuikamo dala, chifukwa kupinda msana motero si kwabwino kwa amene mafupa ayamba kufooka, ndipo ambiri sadziwa kuti afooka.

Mphindi 5 zomaliza musazidule ngakhale nsima ikudikira. Wongolani ntchafu yakutsogolo mutagona chammbali, mukukokera chidendene kumatako, masekondi 30 mbali iliyonse. Gonani chagada, ikani kakolo pa bondo linalo, mukokere ntchafu kuchifuwa, masekondi 30. Kenako ikani miyendo pa mpando, manja pamimba, mupume 4 ndi 6 kwa mphindi ziwiri. Podzuka, yambani mwatembenukira chammbali, mukhale pansi kaye, kenako muime, kuti musachite chizungulire.

Kugwirizanitsa ndi tsiku

Chitani katatu pa sabata, n'kusiya tsiku pakati, mwachitsanzo Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Masabata awiri oyamba dulani manambala onse pakati. Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi zapakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, komanso zolimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposa. Barre ikukwaniritsa gawo la minofulo. Gawo linalo likwaniritseni ndi kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu, ndipo mukayenda m'mawa kunja kukuwala, tulo tausiku timabweranso bwino.

Tsiku limene mwadzuka ndi ukali, thupi lili ndi mphamvu yosowa kopita. Chitani ndondomeko yonse, mubwereze ntchafu ndi matako kawiri, muyike nyimbo ya kugunda kooneka kuti muzitsatira, ndipo kupuma komaliza mukutalikitse kufika mphindi 5.

Tsiku limene mtima uli pansi, vuto ndi kuyamba. Musadziuze za mphindi 25. Dziuzeni za mphindi 8: kuguba mphindi ziwiri, zidendene, plié imodzi, kukweza chiuno pamkeka, kupuma. Mukamaliza n'kufuna kupitiriza, pitirizani. Mukafuna kusiya, mwakwanitsa za tsikulo. N'chifukwa chake mpando ndi mkeka zizikhala pamalo ake kuyambira usiku, kuti m'mawa pasakhale chosankha.

Tsiku limene mwagona maola osakwana 5, kapena msambo ukutuluka kwambiri, siyani zoima chilili nthawi yaitali ndi zoimira mwendo umodzi. Thupi losagona silikhazikika bwino ndipo silichira msanga. Chitani za pamkeka ndi zowongola basi. Kudzikakamiza pa tsiku lotere n'kumene kumasiya munthu atatopa ndi wokwiya kuposa mmene anayambira, kenako n'kunena kuti masewerawa sathandiza.

Nthawi yabwino ndi m'mawa kukadali kozizira kapena chakumadzulo dzuwa litapendeka. Ngati thukuta la usiku limakuvutani, malizani kutatsala maola awiri kapena atatu kuti mukagone. Kutentha kwadzidzidzi kukakupezani muli pakati, imani, gwirani mpando, imwani madzi pang'onopang'ono, ikani kathaulo konyowa kumbuyo kwa khosi, mupume 4 ndi 6. Nthawi zambiri kumadutsa pasanathe mphindi 5, ndipo mutha kupitiriza pamene munasiyira.

Kupweteka kwa minofu kumene kumabwera tsiku lotsatira n'kukula pa tsiku lachiwiri n'kwachibadwa kwa oyamba kumene, ndipo kuyenda kumakuchepetsa. Kukapitirira masiku anayi kapena asanu, munachita zambiri. Musachite ndi njala pofuna kuchepetsa mimba, pakuti shuga akatsika m'thupi mumanjenjemera ndi kukwiya, zomwe tikufuna kuthawa zomwezo. Nthochi kapena kapu ya phala kutatsala theka la ola n'zokwanira. Minofu imafunanso chomangira, choncho nyemba, mazira, soya, mtedza, usipa ndi matemba zisasowe, ndipo tinsomba todyedwa ndi minga yomwe timapatsanso mafupa calcium. Pakatha masabata 6 kapena 8 mabotolo a theka la lita adzapepuka. Sinthani mutenge a lita imodzi, kapena thiranimo mchenga, ndipo kukankha khoma kusanduke kukankha tebulo. Mafupa amachepa mphamvu mofulumira m'zaka zozungulira kusiya kusamba, ndipo amalimba pokhapokha katundu akamawonjezeka.

Kabuku, ndi pamene masewera sakukwanira

Sungani kabuku kakang'ono. Tsiku lililonse lembani zinthu zinayi: maola amene mwagona, ngati mukusamba kapena ayi, mmene mtima ulili musanayambe pa mlingo wa 1 mpaka 5, ndi mmene ulili patatha ola mutamaliza. Mutu umakumbukira masiku oipa okha, koma pepala limaonetsa zonse. Pakatha masabata 8 mudzaona ngati masiku oipa amatsatira kusagona, kapena amabwera msambo usanayambe, kapena amatsatira khofi wamadzulo ndi mowa, zimene zimadziwika kuti zimadzutsa kutentha thupi ndi kusokoneza tulo.

Nthawi imeneyi imawonjezera chiopsezo cha matenda ovutika maganizo, makamaka kwa amene anadwalapo kale, amene anakhumudwa kwambiri atabereka, kapena amene mtima unkawavuta kwambiri msambo uliwonse. Ngati mwakhala okhumudwa pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri, zimene munkakonda sizikukusangalatsani, kapena ntchito yayamba kukukanikani, pitani kuchipatala. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo mupite tsiku lomwelo. Pali uphungu, pali mankhwala a maganizo, ndipo pali mankhwala obwezeretsa mahomoni otchedwa HRT amene dokotala angaone ngati akukuyenerani. Barre imayenda bwino limodzi ndi zonsezi.

Pitaninso ngati msambo ukunyowetsa padi kapena nsalu ola lililonse, ukupitirira masiku 7, mukutaya magazi pakati pa msambo kapena mutakhala malo amodzi ndi bambo, kapena magazi abweranso patatha miyezi 12 mutasiya. Ku Malawi ndi ku Zambia khansa ya khomo la chiberekero ndi yofala kwambiri, ndipo kutaya magazi kotere sikoyenera kungokuti ndi msinkhu musanayezedwe. Kuchepa kwa magazi ndi matenda a chithokomiro zimabweretsanso kutopa, kugunda kwa mtima ndi kukwiya kofanana ndi kwa perimenopause, ndipo zimadziwika poyeza magazi. Mimba nayonso imatheka mpaka mutasiyiratu kusamba, choncho msambo ukasowa miyezi iwiri musanyalanyaze kuyezetsa. Popita tengani kabuku kaja, muonetse dokotala kapena namwino masamba a masabata apitawo.